Ndinapita Kukafuna Mtengo Umene George Washington Anatema

Lamlungu, Baltimore

Ulendo uno wayambira pa mbale yosweka. Dzulo madzulo mdzukulu wanga wa zaka 9 anagwetsa mbale ya amayi ake, ija ya alendo. Tisanafunse n'komwe kuti chaphwanyika n'chiyani, mwana anatulukira pakhomo la khitchini, manja kumbuyo, amvekere, "Agogo, sindinganame, ndaswa ndine." Ndinamukoka n'kumukhazika pamwendo. Ndikumuyamikira choncho, iye akuti mawuwo si ake, ndi a George Washington, pulezidenti woyamba wa dziko lino la America.

Nkhaniyo ndimaidziwa bwino. Akuti Washington ali ndi zaka 6 anapatsidwa kankhwangwa, ndipo poyesa kuthwa kwake anatema mtengo wa cherry umene bambo ake ankaukonda. Bambo atafunsa, mwana anavomera, bambo n'kumukumbatira, nati chilungamo chako chaposa mitengo chikwi. Ine ndinaimva ndili ku koleji ya aphunzitsi, ndipo pa zaka zonse zimene ndinagwira choko ku Chiradzulu ndinaikamba kosawerengeka kwa ana a Sitandade 5, makamaka tsiku limene cholembera cha wina chasowa m'kalasi. Ana ena ankaulula ndithu.

Mwana wanga, mayi wake wa mnyamatayu, anangoti, "Amayi, nkhani imeneyo ndi yopeka." Akamwini anga, amene chaka chatha analoweza mayina a atsogoleri onsewa pokonzekera mayeso a unzika wa dziko lino, anati yopeka kapena ayi, munthuyo anali wamkulu basi. Anakangana mpaka nsima kuzizira. Ine mtima unandiwawa, chifukwa ngati ili yopeka ndiye kuti ndinkaletsa ana bodza powauza bodza.

Sukulu n'zotsekera, ndipo awiriwa atenga tchuthi sabata ino. Ndawauza kuti anditengere kumalo kumene anthu amenewa ankakhala, ndikadzionere ndekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Lolemba, Philadelphia

Tinanyamuka kusanatenthe, ndipo patapita maola awiri tinali titaima pamzere pa Independence Hall. Ndi nyumba ya njerwa zofiira, yocheperapo kuyerekeza ndi mmene dzina lake limamvekera. Chipinda chimene anakumaniramo nthumwi za madera 13 amene anayambitsa dziko la America chili ndi matebulo oyala nsalu zobiriwira, ndipo tchalitchi chathu cha kumudzi chingachimeze.

Mlonda wa chipewa chotambalala amene amatifotokozera anayamba n'kugwetsa chimene akamwini anga analoweza. Anthu amaganiza kuti pa 4 Julayi 1776 atsogoleri onse anafola n'kusaina chikalata cha ufulu wodzilamulira. Zoona zake n'zakuti voti yochoka mu ulamuliro wa Britain inachitika pa 2 Julayi, pa 4 anangovomereza mawu a m'chikalatacho, ndipo ambiri mwa anthu 56 amene anasaina anatero pa 2 Ogasiti. John Adams, mmodzi mwa atsogoleriwo, analembera mkazi wake Abigail kuti tsiku limene mibadwo idzakondwerere ndi la 2 Julayi. Anaphonya ndi masiku awiri.

Belu lotchuka lija, Liberty Bell, lili m'nyumba yake patsidya pa msewu. Mng'alu wake ndi woti chala n'kulowa. Linapangidwa ku London, linang'aluka atangoliyesa, amisiri a konkuno n'kulisungunulanso mu 1753. Zoti linalira pa 4 Julayi, nkhalamba ikulikoka itamva kamnyamata kakufuula kuti "lizani," anazipeka wolemba nthano wina mu 1847. Chimene chinandikhudza n'chakuti dzina loti belu la ufulu analipatsa ndi anthu olimbana ndi ukapolo m'zaka za m'ma 1830, atawerenga mawu a pa Levitiko 25:10 olembedwa pabelupo, aja olamula kulengeza ufulu kwa onse okhala m'dziko. Iwo ankafunsa kuti onse ake ati.

Kunyumba ya Betsy Ross, pa Arch Street, sitinakhalitse. Ana a kuno amaphunzira kuti mayiyu ndiye anasoka mbendera yoyamba, Washington atamupeza yekha kunyumba. Analidi wosoka, ndipo zilipo zolemba zosonyeza kuti mu 1777 analipidwa posokera mbendera zombo zankhondo za Pennsylvania. Koma nkhani ya Washington inatuluka mu 1870, m'kamwa mwa mdzukulu wake William Canby, patapita zaka pafupifupi 100, popanda pepala lililonse. Dziko linaikonda n'kuilandira. Chaka chimenechi ndachilemba m'kope langa, sindikudziwa chifukwa chake chandikanirira m'mutu.

Malo amene andilanda mtima ali pakhomo penipeni polowera kukaona belu lija, pamphambano ya 6th Street ndi Market Street. Pamenepa panali nyumba ya pulezidenti pamene Philadelphia inali likulu, kuyambira 1790 mpaka 1800. Nyumbayo inagwetsedwa kalekale, pangotsala maziko amene ukuwaona kudzera pagalasi. Pakhoma la mwala alembapo mayina 9 a akapolo amene Washington anabwera nawo kuchokera ku Virginia. Ndinawawerenga mokweza: Austin, Paris, Hercules, Christopher Sheels, Richmond, Giles, Oney Judge, Moll, Joe.

Pennsylvania inali ndi lamulo la 1780 loti kapolo wobwera ndi mlendo akakhala miyezi 6 m'derali akhoza kutenga ufulu wake. Washington ankawatulutsa kunja kwa malire miyeziyo isanakwane, kuti kuwerenga kuyambirenso, ndipo analembera mlembi wake kuti zimenezi zizichitika mwakachetechete. Ndinafunsa mwana wanga kawiri ngati ndamva bwino. Munthu uja wosatha kunama.

Oney, amene yekha ankadzitchula Ona, anali mtsikana wosoka ndi wovalika mayi Martha Washington. Atamva kuti akufuna kumupereka ngati mphatso ya ukwati kwa mdzukulu wa mayiwo, pa 21 Meyi 1796, banja likudya chamadzulo, anangotuluka pakhomo. Anthu akuda aufulu a mumzindamu anamubisa, nakwera chombo mpaka ku Portsmouth, ku New Hampshire. Munyuzipepala munatuluka chilengezo cha madola 10 kwa womubweza. Atamupeza, iye anati adzabwerera pokhapokha atalonjezedwa ufulu eni akewo akadzamwalira. Pulezidenti anakana. Ona sanabwerere, anamwalira mu 1848 ali wosauka. Atakalamba anafunsidwa ngati ankanong'oneza bondo poti moyo unamuvuta, nayankha kuti ayi, ndi mfulu.

Pansi aikapo mapazi achitsulo olozera kumene anathawira. Mdzukulu wanga anayamba kuwaponda limodzilimodzi, akutambasula miyendo kuti afikire. Palibe anamuletsa.

Lachiwiri, Annapolis

Lero linali tsiku la akamwini anga, ndipo ndikuvomereza kuti anali ndi mfundo. Anati, "Amayi, dzulo mwaona mbali imodzi, lero muone inayo."

Anatitengera kunyumba ya malamulo ya Maryland. M'chipinda china chakale muli chiboliboli cha Washington ataimirira, pepala m'manja. Pa 23 Disembala 1783, nkhondo itatha, asilikali onse ali kumbuyo kwake ndipo anthu akumutamanda ngati mpulumutsi, munthuyu analowa m'menemo n'kubweza udindo wake wa mkulu wa asilikali kwa aphungu. Amene analipo analemba kuti dzanja linkanjenjemera powerenga. Atatero anakwera hatchi n'kukafika kumunda kwake Khrisimasi isanakwane.

Anthu amakonda kunena kuti anamupatsa ufumu iye n'kukana. Imeneyo anaikuza. Chinachitika n'chakuti msilikali mmodzi, Lewis Nicola, anamulembera kalata mu 1782 yonena kuti mwina dzikoli likufunika mfumu, Washington n'kumukalipira kwambiri poyankha. Koma zotula udindo n'zoona, ndipo anabwerezanso. Atalamula kuyambira 1789 mpaka 1797 anachoka yekha, pamene kunalibe lamulo lomukakamiza. Lamulo la materemu awiri linadzalowa mu 1951.

Ine ndinavinapo m'mabwalo nditavala chitenje cha nkhope ya mtsogoleri. Ndikukumbukira 1971 pamene tinauzidwa kuti pulezidenti wathu ndi wamuyaya, ndikukumbukiranso phokoso la teremu yachitatu mu 2002. Choncho munthu wosiya mpando akadali ndi mphamvu sindingamupeputse. Ndinawauza akamwini kuti, "Bambo, pamenepa mwanena zoona." Mwana wanga anati kusiya mpando n'kosavuta ukakhala kuti kwanu akukudikira anthu okulimira ulere. Ndinayang'ana kunja, sindinayankhe. Onse awiri akunena zoona, ndipo n'zimene zikundisowetsa tulo.

Lachitatu, Mount Vernon

Nyumba ya Washington ili pamtunda, moyang'anizana ndi mtsinje wa Potomac. Uli patali umaona ngati ya miyala yosema. Nditayandikira ndinaigogoda ndi chala, n'kumva kuti ndi matabwa. Ankawasema ngati miyala, n'kuwapaka penti, n'kuwaza mchenga penti isanaume. Ndinasisita khomalo, likukhakhala m'manja ngati mwala weniweni.

Mdzukulu wanga anafunsa mayi wotitsogolera kuti chitsa cha mtengo wa cherry chili pati. Mayiyo anagwada kuti alingane naye, n'kumuuza mofatsa kuti Washington ali ndi zaka 6 sankakhala kuno, ankakhala ku Ferry Farm pafupi ndi Fredericksburg, ndipo ngakhale kumeneko chitsa kulibe. Nkhaniyo analemba ndi Mason Locke Weems, m'busa amene ankayenda n'kumagulitsa mabuku. Washington atamwalira pa 14 Disembala 1799, Weems anaona kuti anthu ali ndi njala ya nkhani za malemuyo, n'kutulutsa buku la moyo wake mu 1800. Mtengo wa cherry munalibe. Unadzalowa mu 1806, bukulo likusindikizidwa kachisanu, ndipo umboni wake unali woti anamva kwa gogo wina wachibale, amene sanamutchule dzina. Kuchokera apo nkhaniyo inalowa m'mabuku a ana asukulu, n'kuyenda mpaka kudzafika m'kalasi mwanga ku Chiradzulu.

Mwana anandiyang'ana. Ndinamugwira phewa ndi kumuuza kuti, "Amuna anga, mbale ija munaswadi, ndipo munaululadi. Imeneyo si nthano."

Pakhonde lalitali loyang'ana kumtsinje pali mipando, ndipo tinapumulirapo. Akuti Washington anaponya ndalama ya siliva mpaka tsidya lina. Pamenepa mtsinjewo ndi wotambalala kupitirira kilomita ndi theka, ndiponso ali mnyamata dola ya siliva ya America kunalibe. Imeneyo tinangoisiya.

Za mano ndiye zinandigwira. Amati anali ndi mano a mtengo. Ayi. Pamene ankalumbira mu 1789 anali atatsala ndi dzino lake limodzi lokha, ndipo mano ake oikirira ankapangidwa ndi minyanga ya njovu, mano a mvuu, a ng'ombe, a hatchi, ndi a anthu, omangidwa pa mtovu ndi masipuling'i. Atadetsedwa ndi zakudya ndi vinyo ankaoneka ngati thabwa, mwina bodza linayambira pamenepo. Nditamva za mvuu ndinakumbukira zija timaziona ku Liwonde zikuyasamula. Koma m'buku la ndalama za pamundapo muli mzere wa Meyi 1784: mashiling'i 122 operekedwa kwa anthu akuda pogula mano 9. Mayina awo sanalembedwe. Akatswiri amatsutsana ngati manowo analowa m'kamwa mwa Washington kapena dokotala wa mano anakawaika mwa ena. Ine ndinangoyendetsa lilime pa mano anga n'kumaganiza kuti kapolo akauzidwa kuti gulitsa dzino, angakane bwanji. Bodza la mtengo lija n'lopepuka kulimva.

Mu 1799 pamundapa panali akapolo 317. Ake enieni anali 123, ndipo mu wilo yake analemba kuti amenewa adzamasulidwe mkazi wake akadzamwalira. Akamwini anandikumbutsa kuti mwa mapulezidenti oyambirira amene anali ndi akapolo ambiri, ndi yekhayu anachita zimenezi. N'zoona. Martha sanadikire imfa, anawamasula pa 1 Januwale 1801, ndipo Abigail Adams, amene anamuchezera, analemba kuti mayiyo sankamva kukhala wotetezeka pakati pa anthu amene ufulu wawo unkadikira maliro ake. Koma ena 153 anali chuma chamasiye cha banja la mwamuna woyamba wa Martha, ndipo anadzagawidwa kwa adzukulu. Magulu awiriwa anali atakwatirana. Bambo mfulu, mayi ndi ana kugawidwa ngati mbuzi.

Chakumunsi kwa manda a Washington, m'kankhalango, muli manda a akapolo. Mulibe chiliza cha munthu ndi mmodzi yemwe. Chipilala chimene chilipo chinaikidwa mu 1983, chojambulidwa ndi ophunzira a ku Howard University, ndipo pamasitepe ake atatu alembapo chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi. Kwathu sitidutsa pamanda ngati tikudutsa pamsika. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinamanga m'chiuno, n'kugwada. Mwana wanga anagwada pambali panga. Akamwini anavula chipewa.

Lachinayi, Monticello

Mdzukulu wanga anatulutsa kandalama ka masenti 5 m'thumba n'kukakweza m'mwamba, kuyerekeza chithunzi cha kuseri kwake ndi nyumba imene inali patsogolo pathu. N'chimodzimodzi. Iyi ndi nyumba ya Thomas Jefferson, pulezidenti wachitatu, pamwamba pa phiri pafupi ndi Charlottesville. Anaijambula yekha, n'kumaimanga ndi kuigumula kwa zaka pafupifupi 40.

Munthuyu anali ndi mutu, zimenezo sindingabise. Pakhomo pali wotchi yaikulu yoyendetsedwa ndi zitsulo zolemera zolendewera pazingwe, zimene zikamatsika zimaloza masiku a sabata olembedwa pakhoma. Khoma linaperewera, ndiye anaboola pansi, Loweruka lili m'chipinda cha kunsi. Mwana anagona chafufumimba kusuzumira pabowopo. Pamanda ake Jefferson analamula kuti alembe zinthu zitatu zokha: kuti analemba chikalata cha ufulu wodzilamulira, kuti analemba lamulo la ufulu wa chipembedzo la Virginia, ndi kuti ndi tate wa University of Virginia. Upulezidenti sanautchule. Anamwalira pa 4 Julayi 1826, tsiku limodzi ndi John Adams, chikalata chija chitakwanitsa zaka 50 ndendende. Imeneyi imamveka ngati nthano koma ndi yoona.

Dzanja limene linalemba kuti anthu onse analengedwa ofanana ndi lomwelo linkalemba mayina a akapolo m'buku la pamunda. Pa moyo wake wonse anali nawo oposa 600. Ali moyo anamasula awiri mwalamulo, mu wilo asanu. M'mbali mwa nyumba muli kamsewu kotchedwa Mulberry Row, kumene kunali tinyumba tawo ndi zipala. Anyamata a zaka 10 mpaka 16 ankasula misomali kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iye n'kumayeza chitsulo chimene mwana aliyense wapatsidwa ndi misomali imene watulutsa, kuti adziwe wowononga. Ndinayang'ana mdzukulu wanga, amene chaka chamawa akwanitsa zaka 10.

Kunsi kwa nyumba, mbali ya kumwera, kuli kachipinda kopanda zenera. Kanatsegulidwa mu 2018 pokumbukira Sally Hemings. Chithunzi chake kulibe, choncho angoimika chidole cha telala chovala diresi, ndipo mawu a mwana wake Madison amawala pakhoma mumdima.

Sally anabadwa mu 1773. Bambo ake anali John Wayles, bambo ake omwewo a mkazi wa Jefferson, kotero kwathu tikanati anali mlamu wake. Mkaziyo anamwalira mu 1782. Mu 1787 Sally, ali ndi zaka 14, anatumizidwa ku Paris kuperekeza mwana wamkazi wa Jefferson, iye ali kazembe kumeneko, bambo wa zaka 44. Madison anafotokoza kuti pofika nthawi yobwerera mu 1789 amayi ake anali oyembekezera, ndipo anakana kubwerera poti ku France akanatha kukhala mfulu. Anavomera atalonjezedwa kuti ana ake adzamasulidwa akadzakwanitsa zaka 21. Mtsikana wa zaka 16, kudziko la eni, kukambirana ndi mwini wake za ufulu wa ana osabadwa. Anabereka ana osachepera 6, anakula anayi: Beverly, Harriet, Madison ndi Eston. Onse anayi anatuluka mu ukapolo. Palibe banja lina pamundapo limene ana ake onse anamasulidwa.

Nkhaniyi inatuluka munyuzipepala mu 1802, yolembedwa ndi mtolankhani James Callender amene anali ndi chidani ndi Jefferson, ndiye anthu anati ndi miseche ya ndale. Adzukulu a Jefferson anakankhira mimbazo kwa ana a mlongo wake, a banja la Carr. Amayi anzanga, izi si zachilendo kwa ife. Mtsikana wantchito akapezeka ndi pathupi m'nyumba ya abwana, nthawi zonse pamapezeka mphwake wina woti asenze mlandu.

Madison anakamba zake mu 1873, kwa nyuzipepala ina ya ku Ohio. Nditaona chakacho ndinatsegula kope langa. Mdzukulu wa Betsy Ross analankhula mu 1870, wopanda pepala, dziko n'kumukhulupirira mpaka kusandutsa nyumba malo okaona alendo. Patangopita zaka zitatu mwana wa Sally Hemings analankhula, natchula dzina lake, la amayi ake, la bambo ake, malo ndi zaka, koma akatswiri a mbiri anamukankhira pambali zaka zoposa 120. Gogo wa Weems, wopanda ngakhale dzina, analowa m'mabuku a sukulu. Ndiye vuto silinali loti nkhani ndi yapakamwa. Ankayamba ayang'ana kaye kuti pakamwapo ndi pa ndani.

Zinasintha mu 1997 pamene katswiri wa malamulo Annette Gordon-Reed anaika maumboni onse pambalambanda n'kuonetsa mmene ankawayezera mokondera. Mu 1998 anayeza DNA: mdzukulu wa mzere wa Eston anagwirizana ndi amuna a banja la Jefferson, osati a Carr. Mabuku a Jefferson mwini akusonyezanso kuti iye ankakhala ali ku Monticello miyezi 9 mwana aliyense wa Sally asanabadwe. Mu 2000 bungwe losamala nyumbayi linavomereza. Mkangano sunatheretu. Mu 2001 gulu lina la akatswiri linatsutsa, likuloza mng'ono wake wa Jefferson, Randolph, poti DNA imaloza banja osati munthu mmodzi. Akamwini anatchula mfundo imeneyi, ndipo ndi mfundo ndithu. Koma ndinawafunsa kuti, "Bambo, nanga Randolph ameneyu anali kuti zaka zonsezi akutchula a Carr?" Anangogwedeza mutu. Ine ndikukhulupirira Madison. Mlandu suola.

Jefferson anasiya ngongole yoposa madola 100,000. Mu Januwale 1827 katundu wake anayamba kugulitsidwa, ndipo pamndandanda panali anthu 130. Wosula zitsulo Joseph Fossett anali mmodzi mwa asanu omasulidwa aja, koma mkazi wake Edith ndi ana awo anagulitsidwa. Mmodzi, Peter, anali ndi zaka 11.

Potsika phiri m'galimoto munali zii. Kenaka akamwini anati mawu aja oti anthu onse analengedwa ofanana ndi amene Frederick Douglass ndi Martin Luther King, omenyera ufulu wa anthu akuda, anadzawagwiritsa ntchito ngati chikwapu, ndiye munthu amene anawalemba sitingamutaye. Mwana wanga anati sakufuna kumutaya, akungofuna kuti akamatchulidwa, Peter Fossett azitchulidwanso. Aka kanali koyamba sabata ino kuti awiriwa amalize kukambirana wina osakweza mawu.

Lachisanu, Lynchburg

Kuno sikunali pa pulogalamu, ndinachita kupempha. Kuchokera ku Charlottesville ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo kulowera kumwera, msewu wodutsa m'mapiri obiriwira. Chapafupi pali Poplar Forest, nyumba ina ya Jefferson yokapumulirako, koma ndinati ya dzulo yandikwana.

Ndinkafuna kuponda pamene anaponda John Chilembwe. Anabwera ku America mu 1897 ndi mmishonale Joseph Booth, n'kudzaphunzira kuno pa Virginia Theological Seminary and College, sukulu imene anakhazikitsa ndi a Baptist akuda. Lero imatchedwa Virginia University of Lynchburg. Ili pachitunda, nyumba zake za njerwa, ndipo poti ndi tchuthi kunali phee. Pamene iye ankafika, ukapolo unali utatha zaka 32 zokha. Anthu amene ankapemphera nawo, ena anabadwira mu ukapolo m'minda ngati imene tayendera sabata ino. Nkhani zimene ine ndaziwerenga pamakoma, iye ayenera kuti ankazimva kwa eni ake. Mu 1900 anabwerera kwathu n'kukayambitsa PIM ku Mbombwe.

Ndinakhala pabenchi ndi mdzukulu wanga, ndikutulutsa K2,000 imene ndinasunga m'Baibulo. Ndinamuonetsa nkhopeyo, n'kumuuza zimene zinalembedwa: kuti kuukira kunayamba pa 23 Januwale 1915, kuti anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, ndipo atsamunda anamuika mwachinsinsi. Kenaka ndinamuuza zimene agogo anga ankatiuza pamoto, kuti Chilembwe sanafe, zipolopolo zinamulambalala, anazimirira n'kuwoloka malire. Ankalankhula motsitsa mawu ngakhale panali patapita zaka zambiri.

"Ndiye zoona ndi ziti, agogo?"

Ndinamuuza kuti anafadi, koma agogo anga sankafuna kutinamiza. Anthu amene sanaonetsedwe manda, amene tchalitchi chawo chinaphwasulidwa ndi mabomba, anasunga munthu wawo mmene akanathera. Ndinamuuzanso kuti zina zimene agogowo ankakamba, za thangata, za zikwapu za m'minda ya azungu ku Magomero, zimapezekanso m'mabuku ndendende mmene ankanenera, ndipo iwo sankadziwa kuwerenga.

Anatembenuza ndalamayo kangapo. Anafunsa ngati angapite nayo kusukulu akatsegulira, ndinati ndi yake. Anapempha cholembera kwa amayi ake, natsegula kope langa patsamba lomaliza, n'kuyamba kulemba mayina amene akuwakumbukira. Ona. Hercules. Peter. Madison. Atafika pa Mbombwe anaima, cholembera m'kamwa.

"Agogo, tanenaninso pang'onopang'ono."

Ndinanena katatu, iye akutsatira, mpaka "mb" wachiwiri uja anatuluka bwino. Akamwini anali ataliza kale galimoto, poti kubwerera ku Baltimore ndi maola anayi ndipo kumwamba kunali kutayamba kuda.